Mapiritsi mu Ndowa ya Mchere

Dalitso, tsiku lija unabwera kudzandiona unalemba dzina langa pa foni yako n'kundionetsa kuti palibe chatuluka. Unaseka n'kunena kuti, "Amama, zaka zonse izi mwasebenza na ba kafukufuku, koma foni sikuzibani. Banzanu bali na mapepa." Sindinakuyankhe chifukwa panali alendo. Ndikuyankha tsopano, iwe ndi mlongo wako Nelia, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kundimvera chisoni. Chisoni chanucho sindichifuna.

Zaka za m'ma 1990

Za ubwana wanga mukuzidziwa kale: agogo anu anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ine n'kubadwira m'komboni ya anthu a sitima. Ndiyambire pomwe ndinavala yunifolomu ya unamwino. Ananditumiza pa kiliniki ina muno mu Kafue nthawi imene mafakitale ankachotsa anthu ntchito, matenda aja atalowa kale nyumba ndi nyumba ngakhale dzina lake sitinkalitchula. Tinkangoti uje wadwala nthawi yaitali. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pa chingwe kuseri kwa labu. M'kabati ya mankhwala munkakhala panado ndi timapaketi ta mchere ndi shuga, basi. Munthu amabwera atatsala mafupa okhaokha, m'kamwa muli zilonda, ine n'kumupatsa panado ndi mawu okoma. Ntchito imeneyo ndinkadana nayo. Ndinkaweruka ndili ndi mkwiyo wosowa poutula, ndipo amene ankaulandira anali atate anu, Mulungu awasunge kumene aliko.

Bwana wanga woyamba anali Matroni Lungu, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene sankasekerera ngakhale dokotala. Ndiwo anandiphunzitsa za anthu a kafukufuku. Tsiku limene galimoto yoyera yoyamba inaima pa geti, anandikoka mkono n'kunena kuti, "Mwana iwe, mulendo ni mame. Bapase tiyi, bapase vamene bafunsa, bazapita. Ise tizasala na bodwala." Oyambawo anabwera kudzawerenga omwalira. Atapita iwo kunabwera a makondomu, ndi mafunso oti ine mtsikana ndikafunse bambo wa imvi, nkhope yanga ili pansi. M'zaka zotsatira kunabwera ofufuza za amayi oyembekezera. Kenako a mdulidwe, amene mwamuna aliyense wodutsa pa geti ankamutsatira ndi maso. M'mbuyo mwake a mafoni, okhulupirira kuti uthenga ungakumbutse munthu kumwa mankhwala ngakhale kudambo kumene foni siigwira n'komwe. Kafukufuku ali ndi fashoni ngati zitenje: chaka chino aliyense wavala cha maluwa, chaka chamawa cha maluwacho chili pansi pa sutikesi. Musaganize kuti ndikunyoza zonse. Mankhwala amene anadzaukitsa anthu athu anatuluka m'mapepala a anthu ngati omwewo, ndipo ndimawavulira chipewa. Chimene ndinkaona n'chakuti funso linkabwera ndi galimoto, silinkachokera pa benchi ya odwala.

Zaka za m'ma 2000

Ma ARV atafika ndinaona zimene sindinkayembekeza kuona ndi maso angawa. Anthu amene achibale anali atayamba kale kunong'onezana za bokosi anadzuka n'kuyamba kudandaula za njala. Anandiika kuyang'anira mbali imeneyo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinkapita ku ntchito ndikuimba. Koma panali lamulo: wodwala aliyense azibwera yekha mwezi ndi mwezi kudzatenga mankhwala ake. Kwa wa m'tauni linali lamulo labwino. Kwa msodzi wa kumisasa ya kutsidya kwa Chanyanya, kumene madzi akasefukira umapalasa bwato tsiku lonse kuti upeze nthaka youma, linali chilango. Ankabwera miyezi yoyamba, kenako zii. Podzaonekanso anali atanyamulidwa pa njinga, tayambanso za kale zija.

Apa ndi pamene akulowera mayi amene ndimutche bana Mutinta, kutanthauza amake a Mutinta. Si dzina lawo, ndipo musavutike kufufuza. Anali wamalonda a nsomba: ankapita kumisasa ndi ndowa ya mchere woti asodzi aumitsire nsomba, pobwera ali ndi mitolo ya kumsika. Nawonso ankamwa mankhwala. Kachilombo anakatenga kwa mwamuna wawo woyamba amene anamwalira, ndipo wachiwiriyu anali mkulu wa mpingo wina wa chipentekoste, munthu wolalikira poyera kuti mapiritsi ndi a anthu osowa chikhulupiriro. Ndinawaumiriza kangapo kuti amuuze. Tsiku lina anayesa kuyamba nkhaniyo ngati akunena za mnzawo, bamboyo n'kuyankha kuti mkazi wotere m'nyumba mwake sangagonemo ngakhale usiku umodzi. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuwakakamiza. Ankamwa mosadumphitsa, magazi awo tikayeza kachilombo kanali katagona, ndipo ana awo ankadya.

Ndinkakonda kuwafunsa za msodzi wina amene anali atasowa. Tsiku lina anatula ndowa ya mchere pakhomo la chipinda changa n'kunena kuti, "Ba Sista, uja wamene mufunsa ali ku manzi, akosomola maningi. Nipaseni mankwala yake, nizamupelekela. Niyenda mawa na muchele."

"Bana Mutinta, lamulo sivomeleza. Afunika abwele eka."

"Lamulo iziba kupalasa bwato?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Ndinatseka chitseko, ndinakulunga botolo m'pulasitiki, iwo n'kulikwirira pakati pa mchere. Mwezi wotsatira anabwera ndi uthenga wa asodzi ena. Mayina sitinkalemba pa mabotolo. Aliyense anali ndi mtundu wake wa ulusi womangira pakhosi pa botolo, wina wofiira, wina wakuda, ndipo mwini wake ankaudziwa. Posapita nthawi amayi ena amalonda analowa nawo. Ndowa ya mchere palibe amene amaifunsa, ngakhale wapolisi wa pamsewu. Madzi akaphwa asodziwo ankabwera okha kudzayezetsa magazi, onenepa, akundipatsa moni mokweza. Mabwana anga ankadziwa, koma ankayang'ana kumbali, ndipo ine sindinawapemphe kuti atembenuke.

Zaka za m'ma 2010

Walira mvula walira matope. Chinthu chikayenda bwino chimaitana alendo. Kunabwera a Dokotala Siame, mnyamata wa ku Lusaka wogwira ntchito ndi yunivesite ina ya kunja. Fashoni ya nthawi imeneyo inali yofufuza chifukwa chake anthu amasiya mankhwala, ndipo iwo anadabwa kuona kuti asodzi a pa kiliniki yathu sakusiya ngati a kwina. Anandifunsa mwaulemu, ine n'kuwauza zoona. Ndinene pano kuti sanali munthu woipa. Anakwera nafe bwato, anasanza njira yonse, koma mawa lake anakweranso. Ankadya nafe nshima ndi mlamba pa msasa osayang'ana kuti mbale yatsukidwa ndi madzi ati. Kumeneko ndi kumene anajambula bana Mutinta ataimirira m'bwato, ndowa pamutu, akuseka mano onse pamtunda. Anawafotokozera m'Chitonga kuti nkhani yawo ndi chithunzi zikalowa m'buku la madokotala kunja, iwo n'kudinda chala pa pepala lovomereza.

Tsiku lina a Dokotala anandiitana n'kunena kuti, "Ba Sista Njobvu, iyi pepa iyenda ku magazini ikulu. Zina yanu izankala yachibili, pambuyo pa yanga. Kuli na musonkano kunja, muzakwela ndeke." Anandifotokozera mmene zimayendera kwa ophunzira: magazini a madokotala ali ndi akulu ndi ang'ono, ndipo pepala limalemera malinga ndi kuchuluka kwa anzako amene alitchula m'mapepala awo. Otchulidwa kwambiri ndiwo amakwezedwa, ndiwo amamvedwa ku unduna wa zaumoyo. Ana inu, ndisakunamizeni: ndinalifuna dzinalo. Ndinali nditatha zaka ndikuthirira alendo tiyi, kuwatengera magazi, kuwamasulira, pomaliza n'kungothokozedwa pansi pa pepala pamodzi ndi dalaivala. Ndinakatenga pasipoti. Ndinakasoketsa suti ya buluu kwa telala wa pafupi ndi siteshoni, ndipo ndinkaiyesa pagalasi inu muli ku sukulu.

Pepalalo litatsala pang'ono kutumizidwa a Dokotala anandionetsa pa kompyuta. Pamwamba penipeni panali bana Mutinta ndi ndowa yawo. Pansi pake dzina la msasa, ndi mawu ofotokoza kuti mayiyu ndi wamalonda a nsomba, nayenso amamwa mankhwala mobisa, mwamuna wake ndi mkulu wa mpingo. Dzina lawo lokha ndilo linalibemo. Ndinatembenukira kwa a Dokotala.

"Ba Dokota, bazabelenga ni bandani?"

"Chalo chonse, ba Sista. Ni ya mahala, yosalipila. Aliyense wamene ali na foni angaisegule." Ananena monyadira, chifukwa kwa iwo imeneyo inali nkhani yabwino.

Ine ndinaona anyamata a mpingo wa bambo uja, amene amakwera minibasi m'mawa kupita ku makoleji a ku Lusaka, amene ngakhale vesi amawerengera pa foni. Ndinaona mwana wamkazi wa abusa awo, amene nthawi yomweyo ankaphunzira unamwino, atapatsidwa ntchito yofufuza zolembedwa za ku Kafue. Ndinawauza zimenezi. Anati aika mzere wakuda pa maso. Ndinati muno munthu sitimudziwira maso, timamudziwira chitenje, kaimidwe ndi ndowa yake, ndipo wamalonda wokwatiwa ndi mkulu wa mpingo amene amapita kumsasa umenewo ndi mmodzi yekha. Apo anakhala pansi n'kuyankhula mawu amene mpaka lero ndimawamva. Anati akuluakulu a magazini amalandira mapepala ambirimbiri a manambala, chimene chimawagwira mtima ndi nkhope ndi nkhani ya munthu. Anati unduna susintha lamulo chifukwa namwino wa ku Kafue wanena, umasintha ukaona m'magazini yaikulu. Anati pa mitsinje ina ndi nyanja zina asodzi akufa mwezi uno chifukwa cha lamulo lomweli. "Banasaina, ba Sista. Sitinabanamize. Muntu umozi, na bantu bonse baja, imwe musanka chani?"

Sanawanamize, n'zoona. Koma mayi wosadziwa kuwerenga ukamuuza kuti buku la madokotala kunja, amaona chibuku cha fumbi pa shelefu ya mzungu, kutali kumene mwamuna wake sadzafikako. Ndinapempha kuti tikawafotokozerenso. A Dokotala anati nthawi yatha, ndipo kubwerera kwa munthu amene wavomera kale n'kumuopseza. Ndinapita kunyumba n'kukhala pakhonde kuganiza. Suti inali m'kabati, yosita kale. Ndinkadziwa kuti ndikangokhala chete palibe amene adzandiimbe mlandu, chifukwa chala chinali chitadindidwa ndipo si ine ndinajambula. Koma botolo loyamba la m'ndowa muja ndinapereka ndine, ndipo amene anauza a Dokotala za ndowayo ndinenso.

Loweruka m'mawa ndinakwera galimoto ya amalonda kupita ku Chanyanya. Ndinawapeza pa doko akukangana mtengo ndi msodzi. Ndinawatengera kumbali, kuseri kwa bwato logadabuzika, ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa pepala lina la madokotala la dziko lina, lokhala ndi chithunzi cha munthu. Ndinawauza kuti lawo lidzatseguka chimodzimodzi, pa foni iliyonse, ngakhale ya m'tchalitchi mwawo. Ndinawauzanso mawu onse amene analembedwa pansi pa chithunzi chawo, ndi ubwino umene a Dokotala ankanena wa asodzi a kwina. Sindinabise mbali iliyonse.

Anakhala pa bwatopo. "Ba Sista, mwanigulisa?"

"Awe. Nabwela kuti musanke mweka, muli muziba."

"Benze bakamba ati ni buku ya bazungu." Anapukuta mamba a nsomba m'manja ndi chitenje. "Bakaona baja, nizagona kuti? Bana banga bazayenda na ndani? Na ku maliketi, nindani azagula nsomba zanga?"

Yankho ankalidziwa kuposa ine. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Lolemba lake anafika pa kiliniki asanapite kumsika, analowa mu ofesi ya a Dokotala osagogoda, fungo la nsomba n'kudzaza chipinda chonse, anati, "Ba Dokota, nabwela kutenga chala changa. Nsomba nizamipasa, nkope iyayi."

A Dokotala anakwiya monga sindinawaonepo. Nkhani inafika kwa bwana wamkulu wa zaumoyo, ndipo anandiitanira ku msonkhano wa anthu ovala mataye. Mlandu unali wakuti ndasokoneza munthu wa m'kafukufuku. Ndinaimirira, ngakhale anandiuza kuti ndikhale, n'kunena kuti chimene ndinachita n'kumuuza mayi zoona, ndipo chilolezo chimene chimagwa munthu akamva zoona sichinali chilolezo. Ndinawonjeza kuti dzina la msasa ndi za mwamuna wawo zichokemonso. Bwanayo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundikumbutsa kuti kwa zaka ndakhala ndikupereka mankhwala m'ndowa mophwanya lamulo. Zoti iwo omwe ankadziwa anaziiwala tsiku lomwelo. Anandipatsa njira ziwiri: ndikawanyengerere mayiwo kuti adindenso chala, zonse zikhululukidwe, kapena ndichoke mu kafukufuku ndi pa kiliniki pomwe. Ndinafunsa kuti galimoto yodzatenga katundu wanga wa mu ofesi ibwera liti.

Ku Shimabala, mpaka penshoni

Ananditumiza ku kachipatala kakang'ono ku Shimabala, pakati pa minda ya chimanga ndi repu, kukayeza ana sikelo ndi kubaya katemera. Mukukumbukira kuti ndinkanyamuka inu musanadye phala ndipo ndinkakuuzani kuti ndakwezedwa. Kukwezedwa kwake kunali komweko. Pasipoti inatha mphamvu yopanda chidindo ngakhale chimodzi, ndipo suti ya buluu ija ndinaivala pa ukwati wako, Nelia, anthu n'kumaiyamikira. Ndowa za mchere sizinaime. Namwino amene anatsala m'malo mwanga anali ndi mutu, anapitiriza mwakachetechete.

Pepala linatuluka mochedwa, m'magazini yaing'ono, lopanda chithunzi, lopanda dzina la malo, lopanda dzina langa. Ndinamva kuti olitchula ndi ochepa. Pa nthawi yomweyo anthu ena a dziko lina analemba za njira yofanana ndi yathu m'magazini yaikulu, n'kutchuka nayo. Patapita zaka lamulo linasintha, anthu n'kuloledwa kutengerana mankhwala m'magulu, ndipo anatiitanira ku maphunziro kuti atiphunzitse njira yatsopanoyo. Ndinakhala kumbuyo, ndinamwa tiyi wawo, ndinawomba m'manja.

A Siame ndi pulofesa tsopano. Tinakumana pa maliro a Matroni Lungu, tonse tsitsi litayamba kuyera. Anandipatsa moni mwaulemu, kenako poperekezana kupita ku galimoto anati, "Ba Sista, sembe pepa ija inachoka mwamene nenze kufunila, lamulo sembe inachinja musanga. Kuli bantu banafa poyembekeza."

"Kapena, ba Pulofesa. Sinikana," ndinayankha. "Koma uja muntu sanali wanga kuti nimupeleke, ndipo sanali wanu."

Mwina ananena zoona. Anthu amene akuwanenawo sindingawadziwe, ndipo nthawi zina ndimawaganizira ndikutsuka mbale. Koma wina atandibwezera Loweruka lija, ndingakwerenso galimoto yomweyo ya amalonda, ndipo ulendo uno sindingayambe ndakhala pakhonde kuganiza.

Bana Mutinta alipo. Akadali m'nyumba yawo, mwamuna wawo akadali kutsogolo kwa mpingo, ana anakula, zidzukulu zikuthamanga pabwalo. Kumadzi anasiya kupita chifukwa cha mawondo, amangogulitsa pa benchi mumsika. Pamsika umenewo aliyense amandidziwa kuti ndine sista uja wa ma ARV, ndipo mayi amene angandizolowere kwambiri anzake amayamba kufunsana ndi maso. Choncho ndikafika pa mzere wa nsomba iwo amaweramira pa benchi n'kuyamba kuthamangitsa ntchentche, ine n'kuyang'ana tomato wa mbali inayo. Nsomba ndimagula kwa wina. Pa mzere umenewo pali amayi ambiri amene sandipatsa moni, ndiye musayambe kuwawerenga tikapita limodzi. Sabata yatha ndinadutsanso, mdzukulu wawo anandilozera n'kufunsa kuti gogo uja ndani. Ndinamva akuyankha osadzutsa mutu, "Sinibaziba." Ndinafika kunyumba mtima uli mbee, ndinadziphikira tiyi wa mkaka.